WAKUBA MKATE NDI ZOIKAPO MAKANDULO ZA AMBUYE EPISKOPI

M'mwezi wa Januwale, caka ca 1913, anthu a mu mzinda wa Paris ku France anali kukhamukira ku nyumba za baisikopo kukaona cinthu cimene ambiri a iwo anali asanacionepo: nkhani imodzi yaitali, yotengedwa m'buku lochuka, yoonetsedwa pa cinsalu coyera m'zigawo zinai. Dzina la kanemayo linali Les Misérables, ndiye kuti osauka ndi onyozeka, ndipo amene anatsogolera nchito ya kumjambula anali Albert Capellani. Osewera anali kutsegula pakamwa koma mau sanali kumveka, pakuti makina ojambula mau pamodzi ndi zithunzi anali asanafale m'nyumba zimenezo. Pansi pa cinsalu panali kukhala woimba piyano kapena kagulu ka oimba, ndipo nthawi ndi nthawi zithunzi zinali kulekeza kuti paoneke mau ocepa olembedwa, ouza anthu cimene cacitika.

Mwina ena a inu, awerengi athu, mudzafunsa kuti kanema wa zaka zoposa 110 zapitazo, wa dziko lakutali, ali ndi ciani ndi mabanja athu. Yankho liri pa khomo la Ambuye Episkopi a ku Digne, pamene munthu wotuluka m'ndende, amene mudzi wonse wamkana, agogoda usiku. Funso la cimene tiyenera kucita naye munthu wotere silinakalambe, ndipo limafika m'parishi iriyonse ndi pa bwalo la mfumu iriyonse. Koma tiyambe taona baisikopoyo.

Masiku amenewo baisikopo inali ikali khanda. Pa 28 Disembala 1895 abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ndalama m'cipinda ca pansi ca Grand Café ku Paris. Ciriconse ca zithunzizo sicinali kukwana ngakhale mphindi imodzi: anchito akutuluka pa fakitale, khanda likudyetsedwa, wosamala maluwa akunyowetsedwa ndi paipi yake yomwe. Kwa zaka zingapo baisikopo inakhala cosangalatsa ca pa misika, pamodzi ndi amatsenga ndi ogwetsana. Anthu olemekezeka anali kuinyoza, ndiponso kuiopa, cifukwa pa 4 Meyi 1897 nyali ya makina oonetsera inabutsa moto pa Bazar de la Charité, msika umene amai Acikatolika a m'mabanja olemera anali kugulitsapo zinthu kuti apeze ndalama zothandizira amphawi. Anthu oposa 120 anapsa, ndipo ambiri a iwo anali akazi.

Kampani ya Pathé Frères, ya cizindikiro ca tambala, ndiyo inali yaikulu koposa pa dziko lonse pa malonda amenewa, ndipo eni ake anaona kuti mabanja ophunzira sadzabwera kudzaona anthu akuthamangitsana ndi kugwa m'matope basi. Mu 1908 Pierre Decourcelle ndi Eugène Gugenheim anakhazikitsa bungwe lochedwa SCAGL, logwirizana ndi Pathé, kuti lizisandutsa mabuku ndi masewero ochuka kukhala makanema, ndi kubwereka osewera a m'nyumba zazikulu za masewero za ku Paris. Capellani, amene anabadwa mu 1874, anaikidwa kukhala woyang'anira nchitoyo. Iye anajambula L'Assommoir, nkhani ya Émile Zola ya banja limene linaonongeka ndi mowa, kenaka mu 1911 anajambula Notre-Dame de Paris ya Victor Hugo. Pa nthawi imene makanema ambiri anali kutha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, zigawo zinai za Les Misérables zikaikidwa pamodzi zinali kudya maola oposa awiri ndi theka. Maina a zigawozo anali a anthu a m'nkhaniyo: Jean Valjean, Fantine, Cosette, ndiponso Cosette ndi Marius.

Bukulo linali ndi mbiri kale. Victor Hugo, wobadwa mu 1802, anayamba kulilemba mu 1845, analisiya, ndipo anakalitsiriza ali wothawa kwao pa cisumbu ca Guernsey, cifukwa anatsutsa Louis-Napoléon amene analanda ulamuliro wonse mu Disembala 1851. Linatuluka mu 1862, m'magawo asanu ndi mitu 365. Wowerenga amadabwa ndi cinthu cimodzi: mitu 14 yoyamba sinena za Jean Valjean mpang'ono pomwe. Yonse ikunena za wansembe wokalamba, Ambuye Myriel, amene atapatsidwa dayosizi ya Digne anapeza kuti nyumba ya Episkopi ndi yaikulu ndi ya zipinda zambiri, pamene cipatala ca pafupi ciri copanikiza odwala 26. Iwo anasinthanitsa: odwala analowa m'nyumba yaikulu, Episkopi n'kukakhala m'kacipatala. Malipiro ao ambiri anali kupita kwa amphawi, ndipo citseko cao sicinali kukhomedwa usana kapena usiku. Ca mtengo wapatali cimene anasunga cinali masipuni ndi mafoloko asiliva, ndi zoikapo makandulo ziwiri zasiliva.

Hugo sanangomlota munthu ameneyu. Anatengera citsanzo ca Ambuye Bienvenu de Miollis, amene analidi Episkopi wa Digne kuyambira 1805 mpaka 1838, ndipo anali wodziwika ndi umphawi wa moyo wao ndi kukonda anthu wamba.

Tsono wogogoda uja ndi Jean Valjean, wosadza mitengo wa kumudzi, amene anaswa zenera la wophika mikate naba mkate umodzi kuti adyetse ana asanu ndi awiri a mlongo wake. Anamlamula zaka zisanu ku ndende ya Toulon, ndipo cifukwa ca kuyesa kuthawa kanai zakazo zinafika 19. Anatuluka mu Okutobala 1815 atapatsidwa citupa cacikasu, cimene anayenera kuonetsa kwa akulu a boma paliponse pamene wafika. Citupaco cinali ndende yaciwiri yoyenda nayo m'thumba. Ku Digne nyumba za alendo zinamthamangitsa ngakhale anali ndi ndalama zolipira, ndipo atayesa kugona m'kakhumbi, anapeza kuti ndi ka galu, galuyo n'kumuingitsa. Mai wina wotuluka m'chalichi ndiye anamlozera khomo la Ambuye Myriel.

Iwo anamlandira, anamchula bambo monga munthu aliyense wolemekezeka, anamkhazika pa tebulo, naitanitsa ziwiya zasiliva monga anali kucitira mlendo aliyense. Usiku Valjean anadzuka, anatenga masipuni ndi mafoloko aja, nalumpha mpanda. Wina aliyense wa ife akanati apa mwambi wa makolo wakwanira, wakuti cifundo cinapha nkhwali. M'mawa apolisi anabwera naye atamgwira, nati munthuyu akunena kuti ziwiyazi mwampatsa ndinu. Ambuye Myriel anabvomera kuti ndi zoona, ndipo anamdzudzula kuti wacoka mofulumira n'kuiwala zoikapo makandulo, zimenenso ndi zake. Apolisi atapita, anamuuza kuti silivayo amgwiritse nchito pa kukhala munthu wolungama, pakuti tsopano sali wa zoipa ai, koma wa Mulungu.

Apa ndi pamene mphamvu ya kanema wopanda mau imaonekera. Jean Valjean anaseweredwa ndi Henry Krauss, mwamuna wa thupi lolemera ndi mapewa otambalala, wozolowera masewero a pa nsanja. Kamera ya masiku amenewo inali kuima malo amodzi, wojambula akupukusa cogwirira ndi dzanja, ndipo inali kuonetsa cipinda conse ndi anthu athunthu, kuyambira kumutu mpaka ku mapazi, monga momwe timaonera za pa guwa tiri pa benchi. Capellani anali katswiri wa kuika anthu m'cipinda cotero, wina pafupi, wina kumbuyo pa khomo, kuti diso lizidzisankhira pomwe lingayang'ane. Tsono zonse zimene Hugo analemba pa masamba ambiri zinayenera kunyamulidwa ndi msana wowerama, ndi manja amene sadziwa ngati alandire kapena akane. Ife tiganiza kuti nkhaniyi siitaya kanthu pamenepa. Mphatso imene munthu sanaiyenere imamtseka pakamwa, ndipo wakuba amene apatsidwa zoonjezera pa zimene waba alibe mau oti n'kunena ngakhale m'kanema wolankhula.

Koma pali funso limene mwana wocenjera wa m'kalasi la katekisimu sangalephere kufunsa: kodi Ambuye Episkopi sananame? Lamulo lacisanu ndi ciwiri liletsa kuba, lacisanu ndi citatu liletsa bodza; kodi ndi bwino kuswa limodzi pofuna kuphimba amene waswa linzake? Za mkate uja n'zosabvuta. Tomasi Woyera wa ku Aquino anaphunzitsa kale kuti munthu amene ali pa ngozi ya kufa ndi njala akatenga cakudya, sikuba kwenikweni, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pa ndime 2408, anena zomwezo za munthu amene alibe njira ina yopezera cakudya, pogona kapena cobvala. Koma masipuni asiliva si mkate, ndipo Valjean anagona atakhuta. Kumeneko kunali kuba ndithu, kubera munthu amene wamcitira zabwino.

Hugo anaiona mfundoyi, ndipo anaikonzera njira. M'bukulo, apolisi asanafike, mai wosunga nyumba akudandaula za kubedwa kwa ziwiyazo, ndipo Ambuye Myriel akumuyankha kuti silivayo sanali wao kuyambira kale. Anali wa amphawi, iwo anangomsunga molakwa, ndipo mlendo uja anali mmphawi woonekeratu. Ndiye kuti pamene apolisi anagogoda, mphatsoyo inali itaperekedwa kale mumtima mwa mwini wake. Mwini cinthu ndiye ali ndi mphamvu ya kusandutsa cobedwa kukhala copatsidwa, ndipo palibe wina angamcitire zimenezo. Sitikunena kuti mfundoyi imasula mfundo zonse, pakuti apolisi anacoka akukhulupirira zimene sizinacitike usiku uja. Koma tikaika pa sikelo mau a nkhalambayo ndi moyo wa munthu amene akanabwezedwa ku Toulon kwa masiku ake onse, ife sitingathe kuiponya mwala. Ndipo taonani kuti sanalipiritse munthu wina. Cifundo cambiri cimene timaciona ndi ca kupatsa za eni ake. Ici cinatuluka m'kabati ya Episkopi mwini, amene kuyambira tsikulo anadyera sipuni ya mtengo.

Cina cimene Hugo anacidziwa bwino, cimene alaliki ena amacilumpha, ndi cakuti munthu satembenuka mtima pa mphindi imodzi. Tsiku lomwelo, ali m'njira, Valjean anaponda ndi phazi kandalama ka mnyamata wina wochedwa Petit-Gervais, nakana kukabweza, mwanayo n'kuthawa akulira. Pamene anazindikira cimene wacita, anamfunafuna osampeza, ndipo ndi pamenepo pamene analira koyamba pa zaka 19. Cifundo ca Episkopi sicinamsandutse woyera. Cinangomtsegula maso kuti adzione.

Zotsatira zake tizipita nazo mofulumira, pakuti ndi zambiri. Valjean anasintha dzina nakhala bambo Madeleine, mwini fakitale ya mikanda yakuda ndi meya wa Montreuil-sur-Mer. Mmodzi wa anchito ake, Fantine, amene m'kanemayo anali Marie Ventura, anacotsedwa nchito zitadziwika kuti ali ndi mwana wa pathengo. Mwanayo, Cosette, anali atamsiya kwa banja la Thénardier, eni nyumba ya alendo ku Montfermeil, amene anali kuonjeza mtengo mwezi ndi mwezi uku akumgwiritsa nchito ngati kapolo. Fantine anagulitsa tsitsi lake, kenaka mano ake akutsogolo, potsiriza thupi lake, ndipo anamwalira asanamuonenso mwana wake. Timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma a Thénardier anali kubveka ana ao bwino, Cosette n'kumtuma usiku wa Khrisimasi kukatunga madzi m'nkhalango ndi ndowa yomposa msinkhu. Kamtsikana kamene kanasewera Cosette kanali Maria Fromet, ndipo Éponine, mwana wa a Thénardier, anali Mistinguett, amene pambuyo pake anakhala woimba ndi wobvina wochuka koposa ku Paris.

Pali malo amodzi pamene tiyenera kuimanso. Munthu wina wosauka, Champmathieu, anagwidwa ndi kuyesedwa kuti ndiye Jean Valjean, ndipo mlandu wake unali ku Arras. Bambo Madeleine akanangokhala cete, akanakhala mfulu mpaka imfa, fakitale ikanapitirira kudyetsa mabanja mazanamazana, ndipo palibe munthu akanadziwa. Usiku wonse analimbana ndi cikumbumtima cake, ndipo zifukwa zonse zoti akhale cete zinali zomveka bwino ndi zooneka ngati zacikondi. M'mawa ananyamuka, nakaima pa bwalo la milandu, nadziulula. Kwa wojambula wa 1912, amene analibe mau oti amve woonera, nkhondo ya m'kati mwa mutu wa munthu inali cinthu cobvuta koposa kuionetsa, ndipo ndi pa zotere pamene buku limaposa cinsalu. Komabe anthu ambiri a ku France anali kuidziwa nkhaniyi kuyambira ku sukulu, kotero kuti anali kubwera nao mauwo m'mitu mwao.

Womlondola Valjean zaka zonsezi anali wapolisi Javert, amene anaseweredwa ndi Henri Étiévant. Tisamuyese munthu woipa. Javert sanali kulandira ziphuphu, sanali kunama, ndipo pamene anaganiza kuti wanamizira meya, anapita yekha kukapempha kuti acotsedwe nchito. Iye mwini anabadwira m'ndende, ndipo anakhulupirira kuti anthu ali mitundu iwiri yokha, osunga lamulo ndi akuswa lamulo, ndi kuti palibe mlatho pakati pao. Pa cipolowe ca ku Paris ca mu Juni 1832, anyamata oukira boma anamgwira nampereka kwa Valjean kuti amuphe, koma Valjean anammasula. Pambuyo pake, Valjean atatuluka m'ngalande za zonyansa za pansi pa mzinda atasenza Marius wobvulala, anagwa m'manja mwa Javert, ndipo Javert anamleka. Koma sanathe kukhala ndi moyo m'dziko limene mkaidi angathe kukhala wolungama, ndipo anadziponya mu mtsinje wa Seine. Anthu awiri analandira cifundo cimene sanacipemphe. Wina cinamuutsa, wina cinamswa. Tikamuyang'ana Javert timakumbukira mkulu wake wa mwana wolowerera uja, amene sanalakwire atate ake tsiku ndi limodzi lomwe, koma anakana kulowa m'nyumba ya phwando.

Tsopano tinene cinthu cimene ena a ife sitikonda kucimva. Mu 1864 Mpingo unaika Les Misérables pa mndandanda wa mabuku oletsedwa, wochedwa Index, ndipo bukulo linakhalapo mpaka 1959. Ndiye kuti pamene anthu anali kuonera kanema wa Capellani, buku limene anacokera linali loletsedwa kwa Akatolika. Zokhumudwitsa zinalimo ndithu. Hugo analemba mutu umene Ambuye Myriel agwada kupempha dalitso kwa nkhalamba ina ya cipani ca oukira ufumu a mu 1793, anthu amene Mpingo unawakumbukira monga ozunza ansembe. Analembanso masamba ambiri otsutsa moyo wa m'nyumba za asisteri otsekeredwa, ngakhale kuti m'nkhani yomweyo ndi nyumba yotero imene inabisa Valjean ndi kulera Cosette. Iye mwini anali atatalikirana ndi Mpingo. Pamene anali kudwala mu 1885, Kardinala Guibert wa ku Paris anadzipereka kuti akampatse masakramenti otsiriza, koma banja linakana. M'cikalata cake ca masiye Hugo anasiyira amphawi mafranki 50,000, anapempha kunyamulidwa pa ngolo ya maliro ya amphawi, anakana mapemphero a mipingo yonse, napempha pemphero la mzimu uliwonse, nanena kuti akhulupirira Mulungu. Anamwalira pa 22 Meyi, ndipo pa 1 Juni anaikidwa mu Panthéon, khamu losawerengeka likuperekeza.

Sitifuna kuweruza akulu a nthawi imeneyo ngati kuti ife tikanaona bwino koposa iwo. Mabala a nkhondo ya pakati pa Mpingo ndi boma ku France anali akali akuwisi. Komabe n'zocititsa manyazi pang'ono kuti cithunzi cokongola cotere ca mbusa wabwino cinajambulidwa ndi munthu wa kunja kwa khola, ndipo a m'khola anacibisa zaka 95. Index yeniyeniyo inathetsedwa mu 1966, utatha Msonkhano Waciwiri wa Vatican.

Kanema wa Capellani anayenda bwino pa malonda, ndipo anaonetsedwa m'maiko ena, ngakhale ku America. Mu 1913 momwemo Capellani ndi Krauss anajambula Germinal, nkhani ya Zola ya anchito a m'migodi ya malasha, ndipo anapita kukajambula pa migodi yeniyeni ya kumpoto kwa France. Anayambanso buku lina la Hugo, Quatrevingt-treize, koma nkhondo ya 1914 inaimitsa nchitoyo, ndipo kanemayo anatuluka mu 1921 atatsirizidwa ndi André Antoine. Nkhondoyo inathyola msana wa makampani a ku France, malonda a baisikopo n'kugwa m'manja mwa Amereka. Capellani anaoloka nyanja mu 1915 nakagwira nchito ku Fort Lee, pafupi ndi New York. Anabwerera kwao thanzi litacepa, ndipo anamwalira ku Paris mu 1931 anthu atayamba kale kumuiwala. Makanema ambiri a nthawi imeneyo anatayika, pakuti filimu yake inali yosacedwa kugwira moto ndi kuola ikasungidwa. Les Misérables anapulumuka, ndipo mu 2010 ndi 2011 cikondwerero ca makanema akale ca ku Bologna, ku Italy, cinaonetsanso nchito za Capellani kwa mbadwo umene sunamdziwe.

Nkhaniyi yajambulidwa kambirimbiri kuyambira pamenepo: ndi Henri Fescourt mu 1925, akali wopanda mau, ndi Jean Gabin monga Valjean mu 1958, ndipo sewero loimba limene linayambira ku Paris mu 1980 linakhala kanema mu 2012. Koma ambiri odziwa za makanema amaika patsogolo wa Raymond Bernard wa 1934, woyamba wa Cifalansa wolankhula, m'mene Valjean anali Harry Baur. Pofuna munthu woti akhale Ambuye Myriel, Bernard anaitana nkhalamba ina imene inatsala ndi zaka zocepa zokha za moyo. Inali Henry Krauss. Munthu yemwe uja amene mu 1913 analandira zoikapo makandulo ali duu, mu 1934 anazitenga pa alumali ndi manja ake, nazipereka kwa wakuba wina, ndipo ulendo uno mau ake anamveka.